Katchajidwe kosamala batire la galimoto yamagetsi muno mu Lilongwe

Magalimoto oyendera magetsi ayamba kuoneka m'misewu ya Lilongwe. Ena ndi atsopano, ena ndi oti adayenda kale kunja, monga Nissan Leaf yochokera ku Japan. Pa galimoto yotere, chodula kuposa zonse ndi batire. Injini ya petulo ikavuta, amakaniko a ku Biwi amaimasula n'kuibwezera mwakale. Batire likafooka, mphamvu yomwe latayayo sibwereranso. Batire lililonse limakalamba ndithu, koma liwiro la ukalamba wakewo lili m'manja mwa mwini galimoto.

Ndiyambe ndi chizolowezi chomwe tidachitengera ku kuthimathima kwa magetsi. Magetsi akangoyaka, m'nyumba aliyense amathamangira ku soketi, uyu foni, uyu tochi, uyu laputopu, ndipo sachotsa mpaka zidzaze, poti palibe adziwa kuti azimanso nthawi yanji. Chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, khalidweli lidakhazikika kwambiri. Choncho munthu akagula galimoto yamagetsi amachitanso chimodzimodzi: madzulo alionse kuidzaza mpaka 100 peresenti, m'mawa kuyenda pang'ono kupita kuntchito, kenako kuiimika padzuwa tsiku lonse batire likadali pafupi kudzaza. Nkhawa yake ndi yomveka, koma khalidwe limeneli limakalambitsa batire msanga.

Chifukwa chake n'chakuti batire la lifiyamu, lomwe lili m'magalimoto amenewa, limakalamba m'njira ziwiri. Limatha pogwira ntchito, komanso limatha litangokhala, galimoto ili chiimire. Kutha kwachiwiriku kumakula kwambiri batire likakhala lodzaza, ndipo kumawirikiza likakhala lodzaza pamalo otentha. Taganizirani mphira wa legeni. Kuukoka n'kuusiya sikuuwononga, koma muukoke mpaka pamapeto, muumangirire choncho padzuwa masiku angapo, mudzaupeza walephuka. Batire likadzaza 100 peresenti limakhala lokokedwa motero. Kufika pa 100 sikulakwa. Chomwe chimawononga ndi kukhalitsa pamenepo.

Ndiye pa maulendo a tsiku ndi tsiku, batire lizisewera pakati pa 20 ndi 80 peresenti. Magalimoto ambiri ali ndi posankhira malire a katchajidwe, ndipo mukaika 80 imaima yokha. Ma Leaf ena alibe malirewa, koma ali ndi wotchi yoyambitsira ndi kuimitsira kutchaja. Gwiritsani ntchito imeneyo.

Ena mufunsa kuti, nanga magetsi akazima masiku awiri, 80 peresentiyo indifikitsa kuti? Tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto yaing'ono ngati Leaf imadya mayunitsi pafupifupi 15 mpaka 17 pa makilomita 100, ndipo yunitsi yake ndi yomweyi timagula ku ESCOM. Ngati mumayenda makilomita 30 patsiku, tinene kuchokera ku Area 25 kupita m'tauni, kutenga ana kusukulu n'kubwerera, mwadya mayunitsi 5 basi. Tchaja yonyamula m'manja yokoka ma ampu 10 pa magetsi athu a mavoti 230 imalowetsa mayunitsi oposa pang'ono awiri pa ola, kotero maola awiri kapena atatu abweza zonse zomwe mwadya tsikulo. Chokutetezani ku kuzima kwa magetsi ndi kulumikiza galimoto pafupipafupi, magetsi akapezeka, m'malo modikira kuti itsike kaye. Batire la lifiyamu silifuna kuti lithe kaye musanalitchaje. Lamulo limenelo linali la mabatire akale a mtundu wina. Kuwonjezera pang'onopang'ono, lero kuchokera pa 55 kufika pa 75, mawa chimodzimodzi, batire limakondwa nako.

Kudikira kuti litsike kuli ndi vuto linanso. Mukafika kunyumba lili pa 6 peresenti n'kupeza dera lonse lili mumdima, galimoto igona choncho, mwinanso kutandala choncho. Batire losiyidwa pafupi ndi ziro nthawi yaitali limawonongeka, ndipo likatsikiratu likhoza kukana kutchajika.

Tsiku la ulendo wautali, ku Salima, ku Mchinji kapena ku Dedza, dzazani mpaka 100 opanda mantha. Chofunika ndi kulinganiza nthawi kuti lidzaze mukatsala pang'ono kunyamuka, osati Lachinayi pamene ulendo uli Loweruka. Opita kunyanja kumbukirani kuti popita mumatsika, pobwera ndi chikweza, ndiye mphamvu yomwe yakufikitsani ku Senga Bay siikwana kukubwezani mu Lilongwe.

Pali mtundu wa batire womwe lamulo la 80 peresentili silikuukhudza kwenikweni. Ndi wotchedwa LFP, womwe uli m'magalimoto ambiri a BYD ndi ma Tesla ena. Umenewu umapirira kudzaza, ndipo opanga amalangiza kuti uzidzazidwa mpaka 100 peresenti nthawi ndi nthawi kuti kompyuta ya galimoto iziwerenga molondola mphamvu yotsala. A Tesla amati kamodzi pa sabata. Choncho musanatsate za mnzanu wa ku ofesi, dziwani kaye mtundu wa batire lanu. Onani m'buku la galimoto. Ngati lili m'Chijapani, la Chingerezi la mtundu womwewo limapezeka pa intaneti.

Tsopano nkhani ya kutentha, yomwe ine ndimaiona kuti kuno ndi yaikulu kuposa ziwerengero zonsezi. Lilongwe ali pamtunda, ndipo sakutentha ngati ku Nsanje kapena ku Salima, koma dzuwa la Okutobala ndi Novembala pa tala kapena pa simenti si lamasewera. Batire limakhala pansi pa galimoto, moyang'anizana ndi nthaka yotenthayo. Magalimoto ambiri atsopano ali ndi madzi ozungulira m'batire oliziziritsa. Ma Leaf akale omwe akubwera kuchokera ku Japan alibe. Batire lawo limazizira lokha ndi mpweya wakunja, ndipo likatentha limatenga maola ambiri kuti lizizire. Mwini Leaf aziyang'ana geji ya kutentha kwa batire monga momwe dalaivala wa minibasi amayang'anira geji ya madzi.

Mthunzi ndi mankhwala otsika mtengo. Kuntchito fikani msanga mupeze pansi pa mtengo, kunyumba mangani kashedi ngakhale ka udzu. Mukabwera ulendo wautali masana, musalumikize pomwepo. Isiyeni ipume, muitchaje usiku kapena m'bandakucha kunja kutazizira. Tchaja zothamanga, zomwe zimadzaza batire m'mphindi zosakwana ola, zimalitenthetsa kwambiri. Pa ulendo n'zothandiza ndipo kuzigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo sikulakwa, koma musazisandutse zatsiku ndi tsiku, makamaka kawiri kapena katatu tsiku limodzi nyengo yotentha. Pa tchaja yotere imani pa 80, popeza kuchokera pamenepo imayamba kulowetsa mwapang'onopang'ono, ndipo mungotaya nthawi.

Kutchaja kwapang'onopang'ono kwa kunyumba ndiye kwabwino ku batire, koma kumafuna mawaya abwino. Galimoto imakoka magetsi maola ambiri osapuma, mosiyana ndi ketulo yomwe imazima pakapita mphindi zochepa. Itanani katswiri wa zamagetsi wovomerezeka akuikireni soketi yakeyake, yokhala ndi waya wake kuchokera ku bokosi la magetsi, ndipo ayese ngati waya wa efi ukugwira ntchito. Ekisitenshoni ya pamsika, yomwe palinso firiji ndi ayironi, isayandikire galimoto. Pakatha ola mukutchaja, gwirani pulagi. Ikatentha moti simungaigwiritse, zimitsani. Chinanso: ku Japan magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 100 ndi 200, ndiye tchaja yomwe yabwera m'buti mwa galimoto idapangidwira magetsi amenewo. Musangodula pulagi yake n'kuikapo yathu. Katswiri awerenge kaye zomwe zalembedwa pa tchajayo, ndipo ngati siyolola mavoti 230, gulani ina.

Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi. Magetsi akazima galimoto ili pa tchaja, ndi bwinonso kuzula ndi kudikira mphindi zingapo akabwera, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola. Wotchaja usiku ali mtulo sangachite zimenezi, n'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuika chotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu m'bokosi momwemo.

Mukamachoka kwa milungu ingapo, kaya kumudzi kaya kunja, isiyeni galimoto pamthunzi batire lili cha pakati, 50 kapena 60 peresenti. Musaiwale kuti ilinso ndi kabatire kakang'ono ka mavoti 12, konga ka galimoto wamba, komwe kamadzutsa makompyuta ake. Kameneka kakatha, galimoto siyaka ngakhale batire lalikulu lili ndi mphamvu. Uzani wina wodalirika aziyatsa galimotoyo kwa kanthawi kamodzi pa sabata kapena ziwiri.

Pa Leaf pali timizere 12 tosonyeza thanzi la batire, tosiyana ndi toonetsa mphamvu yotsala. Kamzere koyamba kamazima batire likatsala ndi pafupifupi 85 peresenti ya mphamvu yomwe lidali nayo lili latsopano. Wofuna chiwerengero chenicheni agule kachipangizo kowerenga kompyuta ya galimoto, kotchedwa OBD, kolumikiza pansi pa chiwongolero, aike pulogalamu ya LeafSpy pa foni, n'kumalemba chiwerengerocho m'kope miyezi ingapo iliyonse. Amene mukufuna kuitanitsa galimoto, pemphani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha timizereti musanalipire.