Momwe mungadziwire ngati nambala yaikulu igawika popanda chotsala

Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi a kachewere ku Bembeke yagulitsa matumba ake pamsika wa Lizulu, ndipo phindu lotsala m'manja mwa msungichuma ndi K277,200. Ndalamayi ingagawidwe mofanana kwa anthu angati? Foni ingayankhe, inde, koma pogawana ndalama ndi bwino aliyense aone yekha mmene yankho latulukira. Ana okonzekera mayeso a JCE nawonso ayenera kuzidziwa njirazi.

Yambani ndi kumapeto kwa nambalayo. Ikathera ndi 0, 2, 4, 6 kapena 8, igawika ndi 2. Ikathera ndi 0 kapena 5, igawika ndi 5. Pofuna kudziwa za 4, yang'anani manambala awiri omaliza okha, ndipo za 8, atatu omaliza. Yathuyi ikuthera ndi 200, ndipo 200 ÷ 8 = 25. Basi, 2, 4, 5, 8 ndi 10 zatheka.

Kenako phatikizani manambala onse: 2 + 7 + 7 + 2 + 0 + 0 = 18. Popeza 18 amagawika ndi 3 komanso 9, nambala yonseyo iteronso.

Njira yachitatuyi ndi imene ndimaikonda, ndipo zimandiwawa kuti ambiri amamaliza sukulu osaimva. Dulani nambalayo pamene pali kachizindikiro kolekanitsa masauzande, mupeze 277 ndi 200. Chotsani yaing'ono pa yaikulu: 77. Chilichonse mwa 7, 11 ndi 13 chimene chingagawe 77 chigawanso nambala yonse. Apa 7 ndi 11 akulowa, 13 ayi. Chinsinsi chake n'chakuti 7 × 11 × 13 = 1,001. Ndiye mamembala akakhala 7, aliyense atenga K39,600; akakhala 11, K25,200; akakhala 13, aliyense K21,323, n'kutsala kwacha imodzi yokha patebulo.

Tsopano iphwanyeni mpaka pakhale manambala a prime okhaokha, aja ogawika ndi 1 ndi iwo eni basi. 277,200 ndi 100 × 2,772. 100 ndi 2 × 2 × 5 × 5, ndipo 2,772 ndi 2 × 2 × 3 × 3 × 7 × 11. Werengani: 2 waoneka kanayi, 3 kawiri, 5 kawiri, 7 ndi 11 kamodzikamodzi.

Pa chiwerengero chilichonse onjezerani 1, kenako chulukitsani: 5 × 3 × 3 × 2 × 2 = 180. Ndiye kuti pali manambala 180 amene amagawa 277,200 popanda chotsala, kuphatikizapo 12, 24, 36 ndi 45. Palibe nambala yocheperapo imene ili ndi ogawa ochuluka chonchi, n'chifukwa chake akatswiri a masamu amaiika m'gulu lapadera.

Nambala ikakana njira zonsezi, musafulumire kunena kuti ndi prime. Mwachitsanzo 323 amakana 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13, koma ndi 17 × 19. Pitirizani kuyesa ma prime otsatira, 17, 19, 23, mpaka mufike pa amene mukamuchulukitsa ndi iye mwini akupitirira nambala yanuyo.