Momwe mungalowetsere anapiye ogula kwa thadzi lofungatira

Thadzi lachikuda likayamba kukakamira pachisa n'kumatukumula nthenga mukaliyandikira, ambiri amalithira madzi kapena kulimanga mwendo kuti lisiye. Ine ndimathamangira kukaoda anapiye. Ndi mmene magetsi akuzimirazimira kuno ku Area 25, nalo thumba la makala likungokwera, palibe chofunditsira anapiye chotchipa kuposa nkhuku yamoyo.

Choyamba, lisiyeni likhalire ndithu. Dzira la nkhuku limaswa pa masiku 21, ndipo thadzi lomwe langokhala masiku atatu silinakonzeke kulera, mukalipatsa ana limawayesa alendo. Lidutse milungu iwiri, ikayandikira itatu ndiye bwino. Mazira awiri akale olemba ndi khala ndi okwanira kulisunga pamenepo. Onani utitiri m'mapikomo, sinthani udzu, wazani phulusa pansi pa chisa. Ngati lafungatira m'khola la nkhuku zonse, lisamutseni usiku kukali masiku angapo, lizolowere malo akeake.

Tsono anapiyewo. Apa ndi pomwe zinandivutapo, ndiye mundilole nditalikitse. Mwanapiye woyenera ndi wa tsiku limodzi kufikira atatu, basi. Akapitirira apo amakhala atazolowera babu kapena mbaula, kuitana kwa thadzi sakumva. Bambo wina wogulitsa m'katoni m'mbali mwa msewu anandilumbirira kuti ake aswa dzana. Usiku ndinawalowetsa bwinobwino. Kutacha ndinawapeza ataunjikana pakona akulira, thadzi likujompha aliyense woyandikira, awiri atauma kale ndi chisanu cha mu June.

Ndiye musamve za pakamwa, mugwireni mwanapiyeyo. Tambasulani phiko: ngati nthenga zenizeni zatalika mpaka kuphimba nthiti, ameneyo wakula. Kunsonga kwa mlomo yang'anani kadontho kolimba koyera komwe amabowolera chikamba cha dzira. Kamagwa m'masiku oyambirira, ndiye mukakapeza dziwani kuti ndi wakhanda. Pamchombo pakhale pouma, kumatako kopanda zitosi zomata. Chenjeraninso ndi otchipa modabwitsa. Kawirikawiri amakhala atambala a nkhuku zamazira, koma wogulitsa akukuuzani kuti ndi Mikolongwe. Mikolongwe yeniyeni, imene dzina lake lina ndi Black Australorp, mwanapiye wake amakhala wakuda, koyera kukhosi ndi kumimba. Kagulenini kwa munthu yemwe mukudziwa khola lake, mugwirizane tsiku loswa lifanane ndi la thadzi lanu.

Musachite dyera pa chiwerengero. Zachikudazi ndi zazing'ono thupi, asanu ndi atatu kapena khumi akwana, nyengo yozizira chepetsani.

Mukafika nawo kunyumba, viikani mlomo wa aliyense m'madzi, muwasunge m'katoni pofunda mpaka kude. Za chakudya musade nkhawa, amabadwa ndi kamba m'mimba wowasunga masiku awiri kapena atatu. Cha m'ma 9 koloko usiku, tengani tochi, muiphimbe ndi zala kuti iziwala pang'ono. Ikani katoni pafupi ndi chisa kanthawi, thadzi limve kulira kwawo. Likayamba kuyankha chapansipansi, zayenda. Fumbatani mwanapiye mmodzi, kumbuyo kwa dzanja kuli m'mwamba kuti likajompha lijomphe inu, mumulowetse chakumbuyo pansi pa phiko, potulutsa dzanja mutuluke ndi dzira. Yambani ndi awiri, dikirani mphindi 15. Kukakhala zii, lowetsani otsalawo. Mazira osukusawo nyamulani mosamala, akakuswekerani m'manja simudya nsima usiku umenewo.

M'bandakucha muzikhala muli pakhola, chifukwa mlandu umagamulidwa kukawala. Kujompha pang'ono kokankhira mwana pansi pa phiko ndi mwambo chabe, musalowerere. Koma likamanyamula mwanapiye ndi mlomo n'kumutaya, kapena kuoneka magazi, achotseni onse msanga. Mutha kuyesanso usiku wotsatira. Likakana kachiwiri, yatsani mbaula, thadzi limenelo silisintha maganizo. Anzathu ena amagulitsa nzeru yopaka anapiye mafuta onunkhira ati kuti fungo lifanane, ine sindinaonepo phindu lake.

Zotsalazo mukuzidziwa. Chakudya cha anapiye chija cha chick starter kwa onse, mayi ndi ana, osati layers mash, chakudya cha nkhuku zoikira. Thumba likakukanikani, m'mashopu a zaulimi amapima pa kilo, koma nunkhizani kaye chifukwa ena amasakaniza ndi madeya. Madzi m'mbale yosazama, muikemo timiyala. Katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera m'diso uja, funsani alangizi a ziweto, osadikira kuti dzuwa la October lifike. Milungu iwiri yoyamba asatuluke pabwalo, akhwangwala ndi amphaka a aneba sagona. Pakatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi thadzi liyamba kuwapirikitsa lokha n'kubwerera koikira.