Osamusiya yekha mtsogoleri wa Girl Guides

Gulu la Girl Guides likatha pasukulu kapena patchalitchi, anthu amathamangira kunena kuti atsikana a masiku ano alibe chidwi. Koma mukafufuza bwino mudzapeza kuti atsikanawo ankabwerabe mpaka tsiku limene anasowa wowalandira. Amene anayamba kufooka ndi mayi kapena mphunzitsi amene anadzipereka kutsogolera gululo, ndipo miyezi yonse imene ankafookayo palibe anamufunsa kuti zikuyenda bwanji. Malangizo awa ndi anu aphunzitsi akulu, a komiti ya sukulu, amayi a mother group, atsogoleri a mipingo, ndi nonse amene munapatsidwa udindo woyang'anira magulu m'zoni kapena m'boma. Ntchito yanu yaikulu ndi kusamala munthu amene amaima patsogolo pa atsikanawo sabata ndi sabata osalandira kanthu.

Ntchitoyi inayamba ndi atsikana eni ake. Mu 1909 kagulu ka atsikana kanatulukira pa msonkhano waukulu wa ma Scout ku Crystal Palace mu London, n'kuuza Robert Baden-Powell, amene anayambitsa ma Scout, kuti nawonso akufuna zimene anyamata akuchita. Mu 1910 Girl Guides inakhazikitsidwa, ndipo mlongo wake, Agnes, ndiye anaitsogolera. Bungwe la dziko lonse, WAGGGS, linabadwa mu 1928, ndipo lero lili m'mayiko oposa 150. Kuno kwathu ntchitoyi ili m'manja mwa Malawi Girl Guides Association, MAGGA. Koma mbiri yathu ili ndi mpata. Nthawi ya chipani chimodzi, pamene nkhani za achinyamata zinali m'manja mwa Malawi Young Pioneers, magulu a Guide ndi Scout anazilala, ndipo anadzaphukanso pambuyo pa chisankho cha zipani zambiri cha 1994. Choncho amayi ambiri achikulire amene tikuwapempha kutsogolera lero sanavalepo sikafu ali atsikana, ndipo msonkhano wa Guide sanauonepo ukuyenda. Kumuuza munthu wotere kuti “madamu, muziona mmene mungachitire” ndi kumusenzetsa katundu amene sakudziwa pogwira.

Kusankha munthu

M'masukulu ambiri gulu limaperekedwa kwa mphunzitsi wamkazi amene wangofika kumene. Ali kale ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo, wapatsidwa netibolo, kwaya ndi zaukhondo, kenako pa msonkhano wa aphunzitsi akungomva dzina lake likutchulidwa kuti ndiye wa Guide. Sangakane chifukwa ndi mlendo, koma mtima wake sunavomere. Mufunseni munthu payekha, ndipo muuzeni zoona za nthawi imene ntchitoyi imadya: ola ndi theka la msonkhano sabata iliyonse, ola lina lokonzekera, ndi Loweruka limodzi kapena awiri pa teremu. Mpatseni masiku akaganize ndi kukambirana ndi akunyumba kwake. Akakana musamukwiyire, wakupulumutsani ku gulu limene likanafa teremu yachiwiri.

Gulu lisayambe ndi mtsogoleri mmodzi. Akhale awiri, ndipo ine ndimalimbikitsa kuti wina akhale mphunzitsi, wina mayi wa m'mudzi momwemo. Aphunzitsi amasamutsidwa. Kalata ikabwera, madamu amalongedza, ndipo ngati zonse zinali m'mutu mwawo, gulu limapita nawo. Mayi wa m'mudzi sapita kulikonse, amadziwa makolo, amadziwa mtsikana amene akulera abale ake ang'ono, ndipo akalankhula pamaliro kapena pachitsime anthu amamva. Ngati pali mtsikana amene anakulira m'gululo ndipo wakwana zaka 18, mukokeni akhale wachitatu. Maphunziro a utsogoleri ochokera ku MAGGA apite onse, osati mphunzitsi yekha poganiza kuti ndiye wodziwa Chingerezi.

Teremu yoyamba

Apa ndi pamene atsogoleri ambiri amatayika. Abwera kumaphunziro ali ndi moto, msonkhano woyamba atsikana adzaza, wachiwirinso chimodzimodzi. Pofika wachinayi nyimbo ndi masewera amene anaphunzira zatha, ndipo msonkhano umasanduka kalasi ina: madamu akulankhula, atsikana akhala phee. Atsikana amene akhala pabenchi kuyambira m'mawa sangabwererenso kudzamva phunziro lina.

Khalani nawo pansi atsogoleriwo teremu isanayambe, mulembe limodzi ndondomeko ya misonkhano yonse papepala limodzi lokha. Msonkhano wabwino umayenda chonchi. Atsikana aima mozungulira, anena Lonjezo la ma Guide, apatsana moni wa dzanja lamanzere monga achitira ma Guide kulikonse. Kenako abalalika m'timagulu tawo pansi pa mitengo, wina akuitana mayina, wina akuona zikhadabo ndi masikafu. Pabwere sewero lothamanga. Ndiyeno luso limodzi lochita ndi manja: kumanga mfundo zosamasuka pa chingwe, kumanga bala ndi nsalu yoyera, kusoka mapadi ochapa, kupanga mpondagiya wosambira m'manja ndi kachigubu, ndodo ndi chingwe. Luso limodzi basi, ndipo aliyense agwire. Atseke ndi nyimbo dzuwa likadali m'mwamba, kuti wochokera kutali akafike kwawo kusanade. Makolo akaona mwana akufika usiku kawiri, kachitatu samulolanso.

Inu oyang'anira, pitani ku misonkhano iwiri kapena itatu ya teremu yoyamba. Khalani kumbuyo, sewerani nawo akakuitanani, koma musamudzudzule mtsogoleri pamaso pa atsikana. Zokonza mukambirane atsikana atapita, ndipo yambani ndi zimene zayenda bwino. Mukamabwera ndi fomu ndi nkhope ya insipekitala, adzayamba kukubisirani mavuto.

Chimene chimapeputsa ntchito koposa ndi timagulu tija, timene m'mabuku a Guide amatitcha patrol. Atsikana 6 mpaka 8 pa kagulu, ndipo mtsogoleri wa kagulu amasankhidwa ndi atsikana okha. Akuluakulu ambiri amavutika kulola zimenezi. Amafuna kusankha mwana wanzeru m'kalasi, kapena kuchita zonse okha kuti zisalakwike. Alangizeni kuti azikumana ndi atsogoleri a timagulu kamodzi pa mwezi, awaphunzitse luso pasadakhale, kuti pa tsiku la msonkhano atsikanawo aziphunzitsa anzawo. Poyamba zidzaoneka zachisokonezo. Koma mtsogoleri amene akuyang'anira atsikana 5 amene akuyang'anira anzawo satopa ngati amene akukuwira 40 yekha, ndipo utsogoleri umene timati atsikana amaphunzira ku Guide amauphunzirira pomwepo.

Nkhani ya ndalama

Pano tiyankhule mosabisa, chifukwa magulu ambiri amathera apa. Kudzipereka kumatanthauza kupereka nthawi, osati kudyetsa gulu ndi ndalama ya ndiwo ya pakhomo. Koma taonani zimene zimachitika: mayunitsi oimbira makolo ndi ake, minibasi yopitira ku msonkhano wa paboma ndi yake, chingwe, ulusi, sopo, zonse akutulutsa m'kachikwama kake. Sadandaula chifukwa akuchita manyazi. Kunyumba mafunso ayamba, akuti kodi ntchito yopanda malipiroyi bwanji ikutidyeranso ndalama? Pakapita miyezi ingapo mudzangomva kuti watanganidwa.

Muuzeni tsiku loyamba kuti malipiro palibe ndipo alawansi musamulonjeze. Koma muuzeninso kuti ndalama iliyonse imene wagwiritsa ntchito pa gulu, mogwirizana ndi komiti, idzabwezedwa, ndipo ibwezedwedi sabata yomweyo, osati “tidzaona kumapeto kwa teremu.” Kuti izi zitheke, gulu likhale ndi kakomiti ka makolo atatu kapena asanu, ndipo msungichuma asakhale mtsogoleriyo. Izi zimamuteteza. Ndalama zikamadutsa pa nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba, tsiku lina wina adzanena kuti madamu akudya za ana, ngakhale sanadye tambala. Pakhale kope limodzi la ndalama zolowa ndi zotuluka, anthu awiri azisaina, ndipo liziwerengedwa poyera pa msonkhano wa makolo teremu iliyonse.

Zosonkhetsa zigwirizane ndi nyengo. Kuyambira Januwale mpaka Malichi mabanja ambiri nkhokwe zili mbee. Musatume mtsogoleri kukatolera ndalama ya umembala nthawi imeneyo. Dikirani anthu akolole. Yunifolomu isakhale chifukwa chobwezera mtsikana. Ayambe ndi sikafu, zina zibwera. Gulu likhoza kupeza kangachepe palokha ndi kadimba ka masamba, kapena nazale ya mitengo yofesedwa nthawi yabwino kuti mbande zigulitsidwe mu nyengo yodzala mitengo, imene kuno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Chimene sindivomereza konse ndi kutenga atsikana kukalima ganyu m'munda mwa mphunzitsi kapena mwa wakomiti m'dzina lopezera gulu ndalama. Makolo amaona, ndipo chikhulupiriro chikatha sichibwerera msanga.

Palinso kachilonda kena. Kukabwera maphunziro a kutauni okhala ndi alawansi, amene amapita nthawi zina si amene amakumana ndi atsikana Lachitatu lililonse, koma mnzawo wa woyang'anira. Palibe chimene chimagwetsa ulesi wodzipereka ngati chimenechi. Lembani mndandanda woonekera wa amene anapita kale ndi amene akutsatira, ndipo wopitayo akabwera aphunzitse anzake.

Mtsikana akaulula

Mtsogoleri wabwino atsikana amamukhulupirira, ndipo tsiku lina mmodzi adzatsalira anzake atapita n'kunena chinthu cholemera: kuti amalume amamugwira, kuti mphunzitsi wina akumufunsira, kuti kunyumba akufuna kumukwatitsa. Mtsogoleri amene simunamukonzekeretse amachita chimodzi mwa ziwiri: amakhala chete chifukwa cha mantha, kapena amapita yekha kukakalipira munthuyo. Zonse ziwiri zimaika mwanayo pangozi.

Muphunzitseni zochita zisanachitike. Amvetsere modekha, asamufunse mwana mafunso ngati wapolisi, asamuimbe mlandu, ndipo asalonjeze kuti sadzauza aliyense. Anene kuti adzauza okhawo amene angathandize. Alembe mawu a mwanayo mmene wawanenera, ndi tsiku. Kenako nkhani ipite kwa wogwira ntchito yoteteza ana wa m'deralo, ku ofesi ya Social Welfare paboma, kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Nambala yafoni yaulere yothandiza ana, 116, ikhale pa tsamba loyamba la kaundula wa gulu. Ngati mwana wagwiriridwa, kuchipatala n'koyamba, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Lamulo lili kumbali ya mtsogoleriyo: lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala zoyambira ukwati, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Koma lamulo silimuperekeza kuchigayo kumene abale a wolakwayo akumuyang'ana ndi diso lofiira. Amene ayenera kumuperekeza ndi inu. Nkhani yotere isadziwike kuti ndi ya madamu okha. Ikhale ya sukulu, ya komiti, ya mpingo. N'chifukwa chake amfumu ayenera kudziwitsidwa za gululi lisanayambe, ndi kuitanidwa pa tsiku limene atsikana akuchita Lonjezo, osati kuwafuna pokhapokha zinthu zitavuta. Mukatha kuthandiza mwana, mufunseninso mtsogoleriyo mmene akumvera. Nkhani zoterezi zimasowetsa tulo, ndipo ena mwa amayiwa zimawakumbutsa zimene iwo eni anakumana nazo.

Malamulo ena ndi achidule koma osaphwanyika. Pa msonkhano uliwonse pakhale akulu awiri. Mtsikana asaitanidwe yekha kunyumba kwa mtsogoleri, ngakhale kukathandiza ntchito. Ulendo uliwonse, ngakhale wa tsiku limodzi, ukhale ndi chilolezo cholembedwa cha makolo. Zithunzi za atsikana zisaikidwe pa Facebook kapena WhatsApp makolo asanavomere. Ndipo mtsikana amene anabereka n'kubwerera kusukulu, monga ndondomeko ya boma imalolera, alandiridwe m'gulu ngati wina aliyense.

Kukumana, kuthokoza, kusiyirana

Atsogoleri a m'zoni imodzi azikumana kamodzi pa teremu, pa TDC (malo a maphunziro a aphunzitsi a m'zoni) kapena pa sukulu yapakati, aliyense abwere ndi sewero limodzi ndi vuto limodzi. Gulu la WhatsApp limathandiza, koma kumbukirani mayi amene ali ndi kafoni ka mabatani. Uthenga uzimufika nayenso. Tsiku la 22 Febuluwale, World Thinking Day, limene ma Guide a dziko lonse amakumbukirana, ndi la 11 Okutobala, la mwana wamkazi, ndi mwayi wosonkhanitsa magulu oyandikana kuti mtsogoleri aone kuti ali ndi anzake. Pa masiku oterewa mutchuleni dzina pamaso pa makolo ndi amfumu, ndipo ngati ndi mphunzitsi, mulembereni kalata yoyamikira, kope lake lipite kwa a PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale m'zonimo.

Akanena kuti watopa, kapena ali ndi pakati, matenda kapena maliro pakhomo, mpatseni teremu yopuma popanda kumuchititsa manyazi. Mnzake uja agwirizira. Akafuna kusiyiratu, mulole apite mwaulemu, koma pempheni mwezi umodzi wosiyirana. M'mwezi umenewo wolowa m'malo azibwera ku misonkhano yonse, atengedwe kukaonekera kwa amfumu ndi kwa makolo, ndipo alandire pamaso pa komiti kaundula wa atsikana, kope la ndalama, ndondomeko ya teremu ndi bokosi la zipangizo, zonse zitawerengedwa ndi kusainidwa.