Ntchito Ikatha ku America, Yambani ndi Inshuwalansi, CV Ibwere Pambuyo

Tsiku lomwe anandiuza kuti ntchito yatha, ndinathamangira kukonza CV. Ndinalakwitsa. Kuno ambirife inshuwalansi yakuchipatala timaipezera kuntchito, ndiye ntchito ikapita nayonso imatsatira. Ine wa BP ndinadzidzimuka nditatsala ndi mapiritsi a masabata awiri okha.

Musanachoke pantchitopo, funsani abwana tsiku lenileni lomwe inshuwalansiyo ikutha. Lisanakwane, katengeni mankhwala anu onse, ndipo pemphani dokotala akulembereni a masiku 90 ngati nkotheka.

Inshuwalansiyo ikatha, yambani kuwerenga masiku 60. Lamulo la COBRA limakupatsani nthawi imeneyi kuti musankhe kupitiriza inshuwalansi yakale mpaka miyezi 18, bola kampaniyo ikhale ya antchito 20 kapena kuposa. Koma mudzalipira nokha ndalama yonse, kuphatikizapo gawo lomwe ankakulipirirani abwana. Ine nditaona mtengo wake ndinangoseka. Masiku 60 omwewo mukhozanso kugula ina pa HealthCare.gov, webusaiti ya boma yogulirapo inshuwalansi. Medicaid, inshuwalansi ya boma ya anthu opeza zochepa, ilibe nyengo, mumafunsira mwezi uliwonse, ngakhale kuti zimadalira komwe mukukhala: ku Texas, Florida ndi Mississippi sanaikulitse kuti ifikire anthu ambiri, moti wamkulu wopanda ana kuipeza nkovuta kwambiri.

Akumidzi, musadikire kudwala kuti mudziwe komwe mungapite. Zipatala zakumidzi zoposa 100 zatsekedwa kapena kusiya kugoneka odwala chiyambire 2010. Fufuzani lero community health center (kiliniki ya m'dera) yapafupi. Kumeneko amalipiritsa molingana ndi zomwe mumapeza, ndipo sabweza munthu chifukwa alibe inshuwalansi.

Ife akuda tisamadzinamize. Chiyambire 1972, ziwerengero za boma zimasonyeza kuti ulova pakati pathu umakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri wa azungu, chuma chiyende bwino kapena ayi. Ndiye konzekerani ulendo wautali, osati wa mwezi umodzi.

Za maganizo ndinkazipeputsa, mpaka nditawerenga kafukufuku wa Sullivan ndi von Wachter wa 2009. Anapeza kuti mwa amuna a ku Pennsylvania amene anachotsedwa pantchito zomwe anakhalitsapo, imfa zinakwera ndi 50 mpaka 100 peresenti m'chaka chotsatira. Kuyambira pamenepo ndinkadzuka 6 koloko ngati kale, kuyenda wapansi theka la ola, mowa nkuuika pambali, ndipo Lachisanu lililonse ndinkaimbira mnzanga mmodzi yemwe sindinkamubisira kanthu. Usiku ukakulemerani mpaka kuganiza zodzipha, imbani kapena tumizani uthenga pa 988. Ndi ulere, ndipo amayankha usana ndi usiku.