Kuona ngongole za kampani ya magetsi kapena madzi musanagule masheya a preference

Achimwene a ku Luchenza, mwafunsa poyambira poona ngongole za kampani musanagule masheya ake a preference, omwe eni ake amalandira dividendi (gawo la phindu) eni masheya wamba asanalandire. Dziwani kaye kuti ESCOM ndi Southern Region Water Board ndi za boma, masheya awo sagulitsidwa pa Malawi Stock Exchange, ndiye izi zikukhudza makampani ena otere.

Choyamba, pezani lipoti la pachaka, mutsegule balance sheet, tsamba loonetsa chuma ndi ngongole za kampani. Pamenepo funani current liabilities, ngongole zobweza mkati mwa miyezi 12: za ogulitsa zipangizo, misonkho, chiwongoladzanja, komanso gawo la ngongole yaikulu lomwe lakwana chaka chino. Gawo lomalizali ndiye loyang'anitsitsa.

Kenako gawani current assets (ndalama ndi chuma chomwe chingasanduke ndalama mkati mwa miyezi 12) ndi ngongolezo. Yankho likachepera 1 musathawe msanga, makampaniwa amatolera ndalama mwezi ndi mwezi. Koma onani ngati chumacho sichili m'mabilu akalekale osalipidwa, chifukwa bilu yogona zaka siilipira munthu.

Chachitatu, phatikizani chiwongoladzanja ndi dividendi ya preference, muone ngati phindu likuzikwanira kangapo. Angongole amalipidwa kaye, inu pambuyo.

Werenganinso manotsi akumapeto kwa lipotilo. Masheya akakhala a cumulative, kutanthauza kuti dividendi yosaperekedwa imaunjikana kuti idzaperekedwe mtsogolo, dividendi yomwe sinaperekedweyo kawirikawiri imalembedwa kumeneko, osati pa ngongole.