Mmene mungaonere As Time Goes By kuti muimve kukoma

Musadumphe gawo loyamba la sewero la BBC limeneli, lomwe linayamba mu 1992, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Lionel, msilikali, ndi Jean, namwino, anakondana ali achinyamata. Lionel atatumizidwa kunkhondo ya ku Korea analemba kalata, koma sinafike, ndiye aliyense anangoti mnzanga uja wanditaya. Akukumananso patatha zaka 38, Jean ali namfedwa, Lionel atabwerako ku Kenya komwe ankalima khofi.

Onerani gawo limodzi kapena awiri madzulo, lililonse ndi la mphindi pafupifupi 30. Mukawaunjika amasukuluka.

Yatsani mawu olembedwa m'munsi aja, poti Geoffrey Palmer, yemwe ndi Lionel m'seweroli, amalankhula chong'ung'udza, nkhope ili ndwii. Musayembekezere chikhakhali. Kukoma kwake kuli pankhope ya Judi Dench, yemwe ndi Jean m'seweroli, akanama kabodza kakang'ono kenako n'kumavutika kukakwirira ndi mabodza ena. Foni ikhale patali, mukangoyang'ana kumbali zakupitani.

Alistair, wosindikiza buku la Lionel, amasokosa zedi. Mupirireni, ine pano ndimamukonda. Magawo apadera a 2005 muonere kumapeto.