Aonetseni ana kuti chuku ndi chamoyo

Mwana akaona chuku pa buledi amangoti ndi uve, n'kutaya. Aphunzitsi ndi makolo, pamenepo pali phunziro lomwe tikulitaya limodzi ndi bulediyo. Chuku ndi chamoyo, ndipo chili m'gulu limodzi ndi bowa komanso yisiti yofufumitsira buledi, gulu la mafangayi. Kale akatswiri ankaika gululi pamodzi ndi zomera, mpaka mu 1969 pamene Robert Whittaker analipatula, chifukwa mafangayi sapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa. Chuku chimalowetsa timaulusi take m'chakudya, chimatulutsa timadzi tosungunula chakudyacho, kenako chimayamwa.

Zimenezi musangozilemba pa bolodi. Ana azione ndi maso awo.

Tengani zidutswa zitatu za buledi. Chimodzi chiumitseni bwino, ziwirizo muziwaze madzi pang'ono. Chilichonse chiikeni m'kapepala ka pulasitiki koonekera mkati, mumate pakamwa ndi tepi, n'kulemba tsiku. Chouma chija ndi chonyowa chimodzi zikhale pamalo ofunda, chonyowa chinacho mufiriji. Ngati bulediyo ali ndi mankhwala oteteza kuti asaonongeke msanga, chuku chimachedwa, choncho ana muwauziretu kuti adekhe.

Tsiku lililonse mwana aliyense ajambule zomwe akuona. Poyamba pamamera tiubweya toyera ngati thonje. Kenako pamwamba pake pamatuluka timadontho takuda, ndipo amene ali ndi galasi lokulitsa zinthu adzaona kuti kadontho kalikonse kakhala pansonga ya kaulusi koimirira. M'menemo ndi mmene muli timbewu tambirimbiri touluka ndi mphepo. Chuku chotere nthawi zambiri chimakhala Rhizopus stolonifer, pamene chobiriwira kawirikawiri ndi Penicillium. Afunseni kuti chachokera kuti, poti pepalalo linali lomata. Musafulumire kuwayankha ayi. Asiyeni atsutsane mpaka wina atulukire kuti timbewuto tinagwera pa buledi kuchokera mumpweya ndi m'manja musanamate. Chidutswa chouma ndi cha mufiriji chija ziwaphunzitsa okha kuti chuku chimafuna chinyezi ndi kutentha.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri n'chakuti mapepalawo asatsegulidwe, ngakhale ana atachonderera kuti anunkhize. Timbewuto tikhoza kudzutsa mphumu. Mukamaliza, tayani zonse zili chimatire, ana asambe m'manja.

Auzeninso kuti kudula pomwe pachita chuku sikupulumutsa buledi, chifukwa timaulusi tija timakhala titalowa kale mkati. Mtundu wina, Aspergillus flavus, umamera pa chimanga ndi mtedza zosauma bwino n'kusiya poizoni wa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika wamba. Komabe ana asachoke akuganiza kuti chuku chonse ndi mdani. Ndicho chimathandiza kuoletsa masamba ndi mitengo yakufa kuti nthaka ikhale yachonde, ndipo mu 1928 ku London, Alexander Fleming anaona chuku cha Penicillium chikupha mabakiteriya m'mbale yake yoyesera. Mankhwala a penisilini anayambira pamenepo.